Mdzukulu Wanu Alibe Dzina Chifukwa cha Tenisi

Amayi, kodi muli bwanji kumeneko? Ife kuno kwa Mponda tadzuka, koma mtima wanga suli m'malo. Ndiyambe ndi zabwino, poti munkati nkhani yoipa siperekedwa pakhomo, munthu ayambe wamwa madzi.

Munda wanu wa ku Katuli watipatsa chimanga chochepa, mvula inadula chikumasula ngayaye. Mtedza ndiye wachita bwino. Mbuzi yanu yamawanga ija yaswa tiana tiwiri. Ndipo ine ndachira, Amayi! Mwana wamwamuna, mphuno yanu yeniyeni. Koma mwezi watha alibe dzina, tikungomuitana kuti Khanda. Amuna anga, a Mbewe, ananena kalekale kuti dzina adzapereka ndi Ababa, ulemu wa agogo. Ababa sanabwere kudzamuona. Chifukwa chake mukachimva museka, kenako mukwiya: tenisi.

Mukudziwa nokha kuti zaka zonse zimene Ababa ankasamalira bwalo la tenisi kuhotela kuja, masewerowa anawalowa m'magazi. A Mbewe nawonso ndi chimodzimodzi. Ndi chinthu chokhacho chimene chinkawakhazika pamodzi, mpongozi wachisilamu ndi mkamwini wachikhristu wa ku Dedza, amene Ababa sanamufune kuyambira pachiyambi. Inu mayina a akatswiri atatu a tenisi aja simunkavutika nawo, munangowapatsa anu: Wofatsa, Wamanzere ndi Woonda. Mawu akayamba kukwera munkalowa pakati ndi lichero, n'kunena kuti, "Mukukanganira azungu oti pamaliro anu sadzabwera. Iswani mtedza apa." Onse ankaseka, nkhani n'kuthera pomwepo. Chaka chino panalibe wolowa pakati.

Linali Lamlungu masana, mwera ukuwomba, ine pakati patakula. Ababa anabwera kwathu kudzaonera masewero a pa udzu aja pakanema. Wofatsa ndi Wamanzere anasiya kusewera, amene akusewerabe ndi Woonda yekha. Iye akaphonya mpira, anthu m'bwalomo ankaombera m'manja mnzakeyo. Ababa anati, "Mwaona? Anthu sanama. Wamkulu ndi Wofatsa basi. Ankabweza mpira ndi dzanja limodzi, thukuta osatuluka, mdani kumugonjetsa mwaulemu."

A Mbewe, uphunzitsi wawo uja, anayamba kupinda zala. "Ababa, tiyeni tiwerenge. Zikho zikuluzikulu, ali nazo zambiri ndani? Wakhala pamwamba pa onse nthawi yaitali ndani? Pokumana maso ndi maso, Woonda wagonjetsa Wofatsa kambiri kuposa mmene wagonjera, Wamanzerenso chimodzimodzi. Pa bwalo la dothi lofiira pokha ndiye ndikuvomera, Wamanzere analibe mnzake."

Ndinayesa mawu anu aja, Amayi, koma pakamwa panga anatuluka opanda mchere. Palibe anatembenuka.

Ababa anati, "Aphunzitsi, ukulu si masamu. Atenge zikho zonse za padziko, sadzakhala wathu. Anapeza malo atadzaza kale, n'kudzikankhira yekha. Wobwera ndi wobwera." Ponena zimenezi sankayang'ana kanema ayi. Ankayang'ana amuna anga.

A Mbewe anaimirira. "Ndiye munthu achite chiyani kuti mumuwerengere?" Anathimitsa kanema pamaso pa apongozi awo. Ababa anangotola kofia yawo n'kutuluka, tiyi ali m'kapu. Kuyambira tsikulo sanapondenso pakhomo pathu.

Kuthimitsa kuja kunali kulakwa, ndipo ndinawauza. Koma inenso ndayamba kuwerenga zikho, Amayi, ndipo ndili ndi mkwiyo. Amene anakuberekani kumsana kuchoka pa njinga mpaka m'chipatala ndani? Amene anakwera padenga la Ababa mphepo itasasula malata ndani? Mwezi wa Ramadani amene amakadyera kusukulu kuti fungo la ndiwo lisandivutitse ndani? Inu munkaziona zimenezi. Munkati, "Mkamwini uyu ndi chitsime cha kuseri, anthu adzachiyamika chitauma."

Tsopano a Mbewe atopa. Akufuna kupempha kuti awasamutsire kwawo ku Dedza. Akuti mwana wawo asakulire pamalo pamene bambo wake ndi wobwera mpaka kufa. Ndawapempha kuti adikire mpaka Lolemba, avomera mokakamizika.

Dzulo ndinabereka Khanda n'kupita kwa Ababa. Ndinawapeza pakhonde akulunga zingwe za chomenyera mpira chakale chija, chimene palibe amachigwiritsa ntchito. Aonda, Amayi, malaya akungolendewera. Mwanayo anamuyang'ana nthawi yaitali, koma manja sanatambasule. Ine ndinagwada n'kufunsa mosazungulira, "Ababa, wamkulu ndani?"

Anaika chomenyera mpira chija pansi. Kenako anati, "Ndi Woonda. Ndinazidziwa kalekale. Ine ndaona mipira yambiri, mwanangu. Munthu woti bwalo lonse likumuwowoza, iye n'kumasewera bwino koposa, ameneyo alibe mnzake. Koma Wofatsa tinkamuonera ndi amayi ako. Ndikamutsitsa, nditsala ndi chiyani?"

Ndinalira, sindibisa. Komabe ndinawauza kuti mawu amenewo mwini wake si ine. Akawanene kwa a Mbewe, pakhomo pathu, mdzukulu ali m'manja mwawo. Ndinawauzanso za Lolemba. Anayankha kuti, "Ine ndikagwadire mwana wothimitsa kanema?" Ndinati sitikufuna maondo awo, tikufuna dzina. Anabwerera ku zingwe zawo, n'kungoti, "Ndiona Lachisanu tikatuluka ku mzikiti." Inshallah, Mulungu akalola, sananene, ndipo Ababa akasiya Inshallah mukudziwa kuti mtima sunagwe pansi.

Lachisanu ndi mawa. A Mbewe sindinawauze zimene ndinamva pakhonde paja, chifukwa zochokera kwa ine sangazikhulupirire, ndipo sizingawachiritse. Ndasesa pabwalo, ndachapa nsalu yoyera yomufunditsa mwana. Njinga iliyonse ikadutsa pamsewu ndikuthamangira pakhomo kukasuzumira.

Ndiye nkhani yoipa ija nayi, Amayi. Ababa akapanda kubwera, ndipita ndi amuna anga. Ndasankha. Ndisiya Ababa okha m'nyumba yanu, ndisiya munda, ndisiya dothi limene mwagonamo, ndipo mwanayu dzina adzapatsidwa ndi anthu oti simunawaonepo. Mundikhululukire. Munandiphunzitsa kulowa pakati, koma simunandiuze choti ndichite mbali imodzi ikakana kusuntha.

Ndikulonjezani kuti kulikonse kumene ndikakhale, sadaka yanu ndidzaphika chaka ndi chaka, ndipo mbale yoyamba ndidzatumiza kwa Ababa, alandire kaya akane.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Asiyatu