Adiresi Sindingakupatseni

Okondedwa Azakhali,

Ndikhulupirira muli bwino ku Ntcheuko, ndipo mwendo uja unasiya kuvuta. Ine ndilipo ndithu.

Mwafunsa adiresi yanga kuti mwana wanu Tionenji akafika ku London adzandipatsire mtedza wokazinga. Pepani, sindingakupatseni. Ku Tottenham ndinachokako mu Epulo. Panopa ndikukhala m'nyumba yosungira amayi okhaokha, ndipo lamulo lake ndi lakuti tisauze aliyense komwe ili, ngakhale mayi wotibala.

Nyumbayi ndi yakalekale. Pakhoma pali chithunzi cha amayi osauka amene ankagona muno zaka zoposa zana zapitazo, aliyense m'bokosi lamatabwa longa la maliro. Ife tili ndi mabedi, tikuthokoza. Koma windo limatseguka mongokwana dzanja, ndipo kutchalitchi ndinasiya kupita, poti onse kumeneko amawadziwa amuna anga, a Lumbani. Oyang'anira nyumbayi akuti ndidikire mapepala a boma kuti ndituluke muno. Ndikudikirabe.

A Lumbaniwo akakuimbirani ndi mawu awo aulemu aja, muwayankhe bwino, koma musanene kuti ndalemba.

Mtedzawo Tionenji angodya yekha. Ine zolimba sindinayambe kutafuna, nsagwada sizinapole.

Ndine mwana wanu,
Dainess