Zilembo za Dongo za Chisankho

Area 25, Lilongwe
18 Ogasiti 2024

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino. Kodi bondo lija lasiya kukuvutitsani tsopano poti chisanu chatha? Ife kuno tili bwino, kungoti fumbi latikwana. Bambo a Chisankho akupitabe kuntchito ku Kanengo, amalawirira m'mamawa kukalimbirana minibasi. Mirriam mng'ono wanga, ndikudziwa kuti ndiwe ukuwawerengera amayi. Uwerenge zonse, usadumphe pamene pali zondichititsa manyazi.

Nkhani ndi ya mdzukulu wanu. Pafoni ndinkangoti ali bwino, koma sizinali choncho. Mu Januwale tinamulembetsa kusukulu ya mkaka ya kuseri kwathu kuno. Sipanathe miyezi iwiri, mwana wolongolola ngati wailesi uja anangoti zii. Akaona pensulo ankabisa manja kumbuyo. Nditapita kukafunsa, aphunzitsi anandiuza kuti mwanayu ndi wamanzere, ndiye akumuwongola ndi kakamtengo kuti azolowere dzanja lamanja. Anawonjezera kuti ndi wouma mutu, ndisayembekezere zambiri. Amayi, ndinapsa mtima. Ndinamubereka kumsana, mwana wa zaka zisanu, mpaka kunyumba. Sanabwerereko.

Bambo ake ankada nkhawa kuti chaka chamawa akayamba bwanji Sitandade 1 akuopa cholembera. Ine ndinkawalimbitsa mtima pakamwa pokha, m'kati ndinali ndi mantha omwewo.

Tsiku lina mu Meyi ndikuzira pakhonde, ndinaona Chisankho watapako matope, akukanda yekha pambali. Manja onse awiri anali pantchito, koma lotsogolera linali lamanzere, ndendende mmene inu mumakwezera khosi la mtsuko. Ndinasiya kuzira n'kukhala pansi. Ndinapota kanjoka ka dothi, n'kulumikiza mutu ndi mchira, kenako ndinamufunsa kuti chimenechi n'chiyani. Anati ndi donasi. Ndinamuuza kuti donasi ameneyu ali ndi dzina lina, ndi O. Anaseka kwambiri, ndipo aka kanali koyamba kumva kuseka kwake chichokereni kusukulu kuja.

Kuyambira pamenepo khonde lathu lasanduka sukulu. Ana awiri a anansi athu, Promise ndi Harun, amafika ndisanamalize n'kutsuka mbale komwe. Chilembo chilichonse anachipatsa mbiri yake. A ndi denga la nyumba, S ndi njoka yomwe yapondedwa mchira, ndipo Harun akuumirira kuti B ndi bambo wokhuta kawiri. Kuwerengera timagwiritsa zitsekerero za mabotolo. Vuto ndi lakuti kupita kumsika ndi Chisankho masiku ano ndi ulendo wa tsiku lonse, chifukwa amaima pa chikwangwani chilichonse kufufuza zilembo zake. Dzana anatsala pang'ono kukwera minibasi ya eni ake ati waona C.

Tsopano imvani manyazi anga. Ndinafuna kuwotcha zilembozo kuti zisamasweke. Ine mwana wa woumba miphika wodziwika Chiradzulu yense, ndinazitenga zisanaume n'kuziika pambaula ya makala. Zinaphulika ngati chimanga chokazinga. Mayi a Harun anathamanga ndi ndowa ya madzi poganiza kuti nyumba ikupsa, pamene ana akugubuduka ndi phwete. Ndikudziwa zomwe mukunena pano. Munkandiitana kuti ndidzaone kaumbidwe, ine n'kumathawira ku fulaye. Mawu a akulu akoma akagonera, ndavomera.

Koma chachikulu chachitika sabata yatha. Bambo ake anaiwala bolopeni patebulo. Chisankho anaitola ndi dzanja lamanzere, n'kuyamba wandiyang'ana kuti aone ngati ndimukalipira. Ndinanamizira kusankha mpunga. Anakoka katoni ya sopo n'kulembapo C wamkulu, wopendekeka, kenako H. Atatero anandifunsa motsitsa mawu kuti, “Amama, dzanja ili si lolakwa eti?”

Ndinamuuza kuti limenelo ndi dzanja la agogo ake, lomwe linaumba mtsuko womwe timamwera madzi m'nyumba muno. Ndinamutembenuzira mphika wa nyemba womwe munandipatsa pa ukwati, n'kumuonetsa chidindo cha chala chanu pansi pake. Anaikapo chala chake. Misozi inanditsika, sindibisa. Madzulo bambo ake atabwera anaikhomera katoniyo pakhoma, pafupi ndi kalendala, ndipo aliyense wolowa m'nyumba akuonetsedwa kaya afune kaya asafune.

Pempho langa ndi limodzi. Dothi lakuno ndi lofiira, lamchenga, likauma limang'aluka. Mackson, mwana wa amalume, yemwe wakubweretserani kalatayi, abwereranso kuno kumapeto kwa mwezi. Chonde mumupatsire dongo lakuda la kudambo kwathu lija, ngakhale la m'kajumbo kamodzi. Mirriam andilembere kuti ndiumitse masiku angati pamthunzi ndisanawotche. Ulendo uno ndimvera.

Mundiperekere moni kwa amalume ndi azakhali, kwa alamu anga ndi ana onse a Mirriam. Bambo a Chisankho akuti ndikupatseni moni wambiri, ati Khirisimasi ino tidzadyera kumeneko Mulungu akalola.

Mackson akupatsaninso kaphukusi ka m'chitenje chakale, mukamasule mosamala. Muli zilembo zisanu zosawotcha, zomwe zapulumuka osang'aluka. Mirriam akuyalireni pamphasa, zikuti AGOGO. Waumba yekha mdzukulu wanu, ndipo wakana kuti ine ndizikhudze, ati ndiziphulitsanso. Akuti muziwotche inuyo pamodzi ndi miphika yanu. Nditamuuza kuti agogo sanapite kusukulu ndipo sadziwa kuwerenga, anayankha kuti palibe kanthu, azindikira. Muzitembenuze, Amayi. Kuseri kwa chilichonse wadindako kachala kake ka kumanzere.

Tsalani bwino.

Ndine mwana wanu,
Veronica