Njere za Mlombwa Zandichititsa Manyazi

Lachinayi, 13 Disembala 1956. Kunatentha, ndipo ndanyozeka.

Ine mwini buku lino ndikupereka dandaulo: njere za mlombwa n'zamwano. Mitengo yosemera mabwato yatha kuno, choncho tinapangana ndi asodzi kufesa ina kumtunda kwa doko. Zanga ndinafesa m'mizere yowongoka, mwa ku yunivesite. Palibe yamera. Za Ada Mhone, osema mabwato, zamera biriwiri!

"Aphunzitsi, munaziwaula koma?" anandifunsa, mano onse pamtunda. "Mlombwa sumera usanalawe lupsa."

Iwo amayamba atentha makoko ake pa udzu wouma. Kodi motowo umadzutsa chiyani m'katimo? Mawa ndiwaula zotsalazi, ndione ndekha.

Pakadali pano, njere iliyonse yokana kumera indipepese ndi nkhuku yoyera, asodzi onse akuona.