Musagulitse makina a bambo

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tadzuka. Mayi bondo lija lasiya kutupa, ndipo pakamwa pawo mpamphamvu monga mwa kale.

Kalata yanu inafika. Poti magalasi a mayi anathyoka, anandipatsa ine kuti ndiwawerengere. Ndiye ndinadziwerengera ndekha, mokweza, kuti ndine waulesi ndipo sindikufunafuna ntchito mokwanira. Zikomo kwambiri. Ndinawerenganso, osadumpha mzere, zoti mwapeza munthu wodzagula makina osokera a malemu bambo Loweruka likubwerali, ati chifukwa akungochita dzimbiri m'chipinda chakuseri.

Waulesi, ine? Nsapato zija munandigulira tsiku lolandira digiri zinatha zidendene pa masitepe a maofesi. Kulikonse akufuna munthu wosapitirira zaka makumi awiri ndi zisanu, koma woti wagwirapo ntchito zaka khumi. Kaya amafuna ndikanayamba ndili ku pulayimale, kaya. Pa mpando umodzi wa ukalaliki tinafika anthu mazana atatu, ambiri a kalasi imodzi, mpaka tinafunsana ngati tabwera kudzalembanso mayeso. Ntchitoyo anaitenga mphwake wa bwana, amene anafika mochedwa akutafuna chingamu.

Munandilipirira maphunziro a zachuma, ndiye lolani mulaweko phindu lake. Fakitale ija bambo ankagulako nsalu inatsekedwa. M'nyumba yomweyo lero muli mabelo a kaunjika mpaka kudenga. Tonse tikuvala zimene ena anatopa nazo, ndiye oluka, osoka, madalaivala ndi akalaliki a fakitaleyo ali pakhonde kuwerenga magalimoto odutsa. Sukulu zikutilavula chaka ndi chaka, koma chimene tikupanga choti munthu alembedwerepo ntchito palibe.

Tsopano khalani pansi. Makina aja alibe dzimbiri. Kwa miyezi inayi ndakhala ndikusoka. Ndinaona kuti pali chovala chimodzi chimene sichibwera m'belo: yunifolomu. Anthu akunja otumiza mabelowo sadziwa kuti sukulu ya kuseri kwa msika imafuna malaya obiriwira a kolala yachikasu.

Sindinama, chiyambi chinali chamanyazi. Malaya oyamba ndinawaika manja awiri akumanzere, ndipo mwana wa aneba atawavala anaima ngati akulozera munthu njira. Atelala okalamba aja ankasoka ndi bambo anaseka mpaka kutsokomola, nafunsa ngati ku yunivesite sanatiuze kuti munthu alinso ndi dzanja lamanja. Atapukuta misozi anakoka mpando n'kutenga sizasi. Lero iwo ndiwo amadula, ine ndimasoka, ndipo mnzanga wa digiri ya uinjiniya, amene ankagulitsa mayunitsi pamsewu, amakonza makinawo ndi kuika mabatani. Ahedi a sukulu ya kuseri kwa msika ija atipatsa oda ya mayunifolomu makumi asanu ndi limodzi, ofunika sukulu isanatsegulidwe.

Mayi ankadziwa zonse. Ndiwo anandiletsa kukuuzani, ati mudzadwala mukamva kuti fizi yanu yathera pa ulusi. Anzawo akafunsa komwe ndikugwira, amayankha motsitsa mawu kuti ndili kumbali ya zovala.

Achimwene, sindikupempha kuti munditumizire kanthu. Ndikupempha foni imodzi yokha: muimbireni munthu wanuyo asabwere. Makinawo akachoka, oda ija yapita, ndipo anthu atatu tibwerera pakhonde. Akaumirira kubwera, mumuchenjeze kuti adzandipeza nditakhala pa makina, phazi lili pa chopondera, ndipo adzayenera kunyamula ndi ine ndemwe. Mukudziwa kuti sindine wopepuka.

Mulungu akusungeni, akupatseninso mtima wofewa Loweruka lisanafike. Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse. Mayi akuti musamagwire ntchito osadya.

Ine mlongo wanu,
mzime wa m'nyumba