Wondimenya Kuseri kwa Bondo

Ku Ndindi, Port Herald
Juni, 1924

Mphwanga Paison,

Landira moni wanga. Uli bwanji ku Chindioko? Ndamva kuti ntchito ya njanji yakudetsa ngati mphika, komanso kuti masiku ano umalota m'Chisena. Ine ndilipo, ngati kukhala pakhonde n'kumayang'ana nkhuku za eni ndiko kukhalapo.

Sunaiwale tsiku lija tinkakankhira mwadiya, bwato lathu lija, m'madzi titangokangana za ukonde, ine patsogolo, iwe pambuyo uli ndi nkhafi m'manja. China chake chinandimenya kuseri kwa bondo, ululu n'kutsikira pa katumba ngati moto, ine khu, m'matope. Nditacheuka ndinaona iwe wekha. Ndinauza mudzi wonse kuti wamenya mkulu wako. Unalumbira kuti si iwe, ine ndinati wolumbira kwambiri ndiye wakuba. Unatenga mkazi ndi ana n'kupita.

Mwendo unatupa n'kuchita bii, ndipo aliyense anasanduka sing'anga. Mai Juliana, ogulitsa nsomba zouma aja, anati ndinalumpha mankhwala otchera munthu wina panjira, nanditema mphini mpaka mwendo unafanana ndi mlamba wokonzera kuwamba. A Lorenso, anansi athu aja, anati ndi nyamakazi ya m'dambo, ndizimwa kachasu. Wothandiza pachipatala cha mishoni anaufinyafinya, nati mnofu wang'ambika wokha, akuti zimagwera amuna a msinkhu wanga akakankha cholemera mwadzidzidzi. Ndinamufunsa ngati anaonapo nyama ikudzicheka popanda mpeni. Ameneyo ndinali naye kalasi imodzi ndisanasiye sukulu, ndipo mayankho ankaonera kwa ine.

Ndinachira mochedwa. Mwadiya ndinayamba kukankha ndekha, popeza palibe wofuna kuyenda ndi munthu wa pakamwa ngati ine, ndipo inenso sindipempha.

Sabata yatha mwadiya unatitimira m'matope kutali m'dambo. Nditatsika n'kuukankha, chinthu chomwecho chinandimenyanso, ulendo uno mwendo wamanzere. Ndinacheuka nditatukwana kale dzina lako. Kunali bango ndi kakowa mmodzi. Ndinakhala m'matopemo mpaka dzuwa linapendeka, ndipo sikuti chinandikhazika ndi mwendo wokha.

Ndiye wamva. Mawu ena aja amene ukuwadikira sindidziwa kalembedwe kake, komanso pepala ndi lochepa.

Lamulungu ndinadzikoka ndi ndodo mpaka kutchalitchi, ndinaimirira n'kuuza anthu kuti sunandimenye. Anangoyang'ana pansi. Potuluka Mai Juliana ananong'oneza anzawo, koma mokweza kuti ndimve, akuti kusungulumwa kwandifewetsa, ndikungofuna wonditungira madzi. A Lorenso anati ndine munthu wabwino pobisira m'bale wanga mlandu. Ine, munthu wabwino! Zija anazimeza tsiku lomwelo osatafuna, izi akuzilavula.

Bwera, mphwanga, ngakhale kwa Loweruka limodzi. Anthu adzatione tikudyera mbale imodzi pakhonde pano, masana, aliyense wopita kumtsinje akuona, pakuti pakamwa panga palibenso amene amapakhulupirira. Usabwere ndi kanthu. Madzi ndimatunga ndekha chokwawa, ndipo ndizitungabe.

Upereke moni kwa alamu anga a Jesinta ndi ana. Mulungu akusunge kutali ndi mawilo a sitima. Ngati sukufuna kubwera usavutike n'kulemba. Sitima ya Loweruka ikalira n'kupitirira, ndidzamva ndekha.

Ndine mkulu wako,
Jeremiya