Msuzi Uli M'potowo Musaulawe

Mayi a ana,

Ndapita kuchipatala kumakina owotcha khansa yapakhosi aja, achimwene anu andiperekeza. Sindinakudzutseni dala. Masabata asanu mwakhala mukundiphikira zofewa, lero ndati mupumeko.

Koma pepani, kukhitchini ndapalamula. Ndimafuna ndikuphikireni msuzi. Paja chiyambireni chithandizochi lilime langa linapita kutchuthi, chilichonse chimangokoma ngati katoni yonyowa. Ndathira mchere, kulawa, zii. Ndathiranso, zii. Pa supuni yachisanu ndi chiwiri, mayi inu, ndaumva! Chapatali, ngati munthu woitana ali kutsidya kwa msewu, koma mchere weniweni. Zilonda zam'kamwa zandibaya, ine osasamala, ndangolira chiimire, chipande chili m'manja. M'kamwa muli gwa, koma misozi ndiye ilipo yambiri.

Ndiye msuziwo musaulawe, magazi angakuthamangeni, odwala n'kukhala awiri m'nyumba muno. Galu ndamupatsako, wangondiyang'ana n'kuchokapo. Mugule mchere wina, uja watha. Botolo la madzi ndatenga, musavutike kundiimbira, mawu anga akadali a bakha wachimfine.

Koma musautaye. Ndikabwera ndidzaulawenso inu mukuona.

Ndine wophika wanu watsopano,
Bambo a ana