Mlongo wanga wazula mivi pasitima ya bambo

Aphungu,

Ndikulemba mwaulemu wonse, monga nzika ya madigiri awiri ndi mutu umodzi, kudzatula dandaulo pa mlandu waukulu umene wachitika m'banja mwathu masana dzuwa likuswa mtengo. Woimbidwa mlandu ndi mlongo wanga wopondana nane, amene kwathu timam'tchula Zamakono, chifukwa chinthu chikangokhalitsa pang'ono amachiyang'ana ngati chayamba kununkha. Mlandu wake ndi wochotsa timivi tiwiri. Musaseke. Timivi take n'tating'ono ngati mitengo ya machesi, koma chichokereni m'nyumba mwa bambo anga muli zii ngati mwatuluka maliro.

Bambo anali mphunzitsi wa jogalafe. Ana a eni anawayendetsa mayiko onse a pamapu, koma iwo eni ake sanapite patali. Ndiye anadzimangira dziko lawolawo pachitseko chakale chimene anachigoneka pamipando iwiri m'chipinda cha alendo: njanji yozungulira, siteshoni ya makatoni, phiri la nyuzipepala zomata lokhala ndi mphanga, mitengo ya siponji yopaka penti. Sitima yake ndi yamagetsi, injini yokwana m'dzanja. Malemu mayi ankati, "Bambo anu anakwatira awiri, ine ndi njanji, koma wamkulu ndi njanji." Chonsecho timakatani ta pasiteshoni anasoka ndi iwo omwe.

Pambali pa kachitsulo kowonjezera liwiro, bambo anakhoma kathabwa n'kuikapo mamita awiri oyezera magetsi, ozungulira, a nkhope yoyera ndi muvi wolozera manambala, amene anatola m'zotayidwa za kulabu ya kusukulu. Ina inkaonetsa mavoloti, mphamvu yokankha magetsi m'njanji. Inayo inkaonetsa maampu, kuchuluka kwa magetsi amene injini ikumwa. Ziro anali pakati. Sitima ikamapita kutsogolo mivi inkapendekera kumanja, ikamabwerera m'mbuyo, kumanzere.

Ndili kamtsikana, ntchito yanga inali kukhala pachitini cha penti n'kumayang'ana mivi. Bambo ankafunsa ndi mawu a ubwana, "A kalaliki, muvi ukuti bwanji?" Ine n'kuyankha, "Ukunjenjemera, bwana." Iwo, "Ndiye kuti njanji yada. Patseni kansanza." Muvi ukakwera kwambiri pachitunda ankachotsa bogi imodzi, ati injini si bulu. Mpaka lero ndikamva fungo la oilo wofunda ndimaona kathabwa kaja.

Tsopano bambo akalamba, makutu anatseka. Kale injini ikamabuula ankaimva ngakhale atafulatira. Lero sitima imangodutsa ngati filimu yozimitsa mawu, ndipo mivi ija ndiyo inasanduka makutu awo.

Mwezi watha mita ya maampu inayamba kukakamira. Zamakono, amene anaphunzira za makompyuta ndipo sakhulupirira chinthu chopanda batani, anabwera bambo atapita kusikelo ya okalamba kuchipatala, n'kuzula zonse ziwiri, n'kutaya, n'kuikapo tina ta manambala ofiira. Ndinam'funsa, "Iwe, anakutuma ndani?" Ati, "Achemwali, izi n'zolondola mpaka kadontho. Zija zinaona atsamunda."

Kulondola kwake n'kumeneku: manambala amadumphadumpha ngati mitengo ya zinthu pamsika, ndipo sitima ikamabwerera m'mbuyo kena kamangolemba ziro, kunama maso ali gwa. Bambo anayang'ana n'kuti, "Tiziphaniphani iti tikuti chiyani?" Sabata yomweyo injini yobiriwira, imene anagula chaka chimene ndinabadwa, inakakamira m'mphanga muja, iwo osaiona, osaimva. Anadziwa ndi fungo. Sinapseretu, koma inatuluka yotentha ngati simbi. Anaifukata m'manja nthawi yaitali, kenako anatenga nsalu ya pabedi n'kuphimba dziko lonse.

Ine ndinathamangira kusitolo ya zida za magalimoto n'kugula mita ya muvi, ziro ali pakati ngati zija, yolembedwa maampu makumi atatu. Ndinati chachikulu ndicho chabwino. Bambo anavomera kupinda nsalu pangodya, tinalumikiza, sitima n'kuyenda, muvi uli duu. Anagogoda galasi ndi chala n'kuti, "Nayonso ndi gonthi ngati ine. Mwana wanga, upeze mwana wa eni wokonda zidole um'patse sitimayi ndi njanji zomwe." N'kubwezera nsalu.

Aphungu, mawu akuti zidole sanatulukepo m'kamwa mwawo moyo wanga wonse. Mlendo wina amene ananena choncho kale sanapatsidwenso tiyi m'nyumba muja.

Ndigule mamita otani kuti nsalu ija ichoke? Nanga mlongo wangayu malamulo akuti ndim'tani? Ndafufuza zomukana ubale, koma ndaona kuti nkhope yathu ndi imodzi.

T. M. N.

Mayi T. M. N.,

Dandaulo lanu lalandiridwa, ndipo bwalo lino lapeza olakwa awiri. Mlongo wanu anagula mamita olankhula chinenero chimene bambo sachidziwa. Inu munagula yosalankhula n'komwe. Nonse munachita ndi mtima wachikondi, n'chifukwa chake sindikumangitsani.

Yanuyo si yakufa. Injini yokwana m'dzanja imamwa mwina theka la ampu, ndiye kuiyeza pamita ya maampu makumi atatu kuli ngati kupima envulopu pasikelo ya matumba a simenti.

Tembenuzani kabokosi kamene kamapereka magetsi kunjanji, muwerenge zolembedwa pansi pake. Masitima akale ngati amenewo ambiri amayendera mavoloti khumi ndi awiri, choncho mita yothera pa khumi ndi asanu ikwana. Ya maampu ithere pamwamba pang'ono pa mlingo wa kabokosiko. Ngati kalembedwa ampu imodzi, tengani yothera pa awiri. Cholinga n'chakuti sitima ikamayenda bwino muvi uzioneka kuti wadzuka, ndipo ikamavutika ukhale ndi malo okwerera.

Mamita onse awiri akhale olembedwa DC, mtundu wa magetsi a njanji yanu, ziro ali pakati. Wogulitsa akati "n'zofanana, mayi", musamve. Sitima yanu imabwerera m'mbuyo chifukwa magetsi atembenuka, ndiye mita ya ziro wa kumphepete idzangokankhira muvi kukhoma. Sankhani nkhope yaikulu yoyera, muvi wakuda, manambala ochepa. Munthu amene akumva ndi maso alibe nthawi yowerenga. Akufuna kuti ngakhale akuyang'ana pamlatho, diso ligwire kuti uko chinthu chasuntha.

Polumikiza musamale. Ya mavoloti imagwira mawaya onse awiri opita kunjanji, wina mbali iyi, wina mbali inayo. Ya maampu ayi. Mumadula waya mmodzi n'kuiika pakati, kuti magetsi onse adutse m'mimba mwake. Mukaigwiritsa mawaya onse awiri ngati inzake, fungo lija mulimvanso.

Koma musakagule nokha. Chimene chapweteka bambo si manambala ofiira okha. Kawiri konse ana awo alowa m'dziko lawo popanda chiphaso n'kuyamba kukonza zinthu mwini ali moyo. Pitani nawo kusitolo ya zida zamagetsi, akagwire okha mamitawo, akakangane ndi wogulitsa, akanyoze zinthu za masiku ano mpaka mtima ukhale pansi. Akakana kupita, bweretsani mamitawo, mukhale pamene akukuonani, muyambe kulumikiza molakwitsa dala, pulagi ili yozula. Sindinaonepo mphunzitsi wopirira kuonerera mwana akulakwitsa. Adzakulandani sikuludiraiva, ndipo nsalu adzaichotsa okha kuti apeze malo ogwirira ntchito.

Mlongo wanu musamukane. Chilango chake alowe pansi pa chitseko ndi tochi, azigwira mawaya bambo akulamula, pakamwa ali tseke. Tamanambala take tija asunge m'kabati, tidzathandiza tsiku lofufuza pamene magetsi akutayikira.

Chenjezo langa ndi ili. Zulani pulagi kukhoma musanakhudze waya aliyense, ndipo kabokosi kaja musakatsegule, magetsi a m'katimo safunsa kuti munaphunzira mpaka pati. Injini yobiriwirayo ionedwe kaye ndi wodziwa musanaipatse mabogi. Ikadzafera m'manja mwawo kachiwiri, palibe muvi udzawabwezere m'chipinda muja.

Pomaliza, nanenso ndavulala pankhaniyi. Kalata yanu ndinaiwerengera mu ofesi, pamaso pa anthu amene amandidziwa kuti ndine wouma mtima, ndipo misozi italengeza ndinachita kunamizira chimfine. Mbiri yanga yaonongeka. Ndikufuna chipukutamisozi: tikiti yaulere, mpando wa pawindo, bogi yoyamba, ulendo wonse mpaka kutulukira kuseri kwa phiri. Ndikudziwa kuti bogiyo ndi yaing'ono ngati sopo ndipo ine ndine munthu wa thupi. Limenelo ndi vuto la kampani yanu. Koma ndikadzasuzumira kutsogolo n'kupeza kuti woyendetsa si bambo anu, ndidzatsika, ndipo tikaonana kukhoti.

Aphungu